Mjigo ndi umodzi, midzi ndi iwiri: khansala amvere chipani kapena anthu?

Khansala wa Kuseri kwa Phiri

Akuluakulu, moni nonse. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo masabata awiri tsopano. Boma lomwe ndikukhala komanso chipani changa sinditchula, poti ena mwa anthu amene ndikuwanena amawerenganso muno, koma zina zonse ndinena momwe zilili.

Ine ndine khansala. Ndisanakhale pampandowu ndinkagula soya ndi mtedza pa sikelo pamsika wa kwathu. Chipani ndinachiyamba ndili mnyamata, kunyamula mabenchi pamisonkhano, kukwera m'mitengo kukamanga mbendera, kenaka ulembi wa nthambi mpaka wa eriya. Tsiku la chisankho cha chipulula anthu anandandalika kumbuyo kwanga pabwalo la sukulu, dzuwa likuswa mtengo, amayi ena ali ndi ana kumsana. Amene anasindikiza zithunzi zanga ndi aphungu athu. Amene ankathira mafuta m'njinga yamoto ya kampeni ndi gavanala wa chipani wa dera lathu. Ndayamba ndi zimenezi kuti musandiyese munthu wosayamika.

Tsono chaka chino wodi yanga yapatsidwa mjigo umodzi. Umodzi basi.

Kutsidya kwa mtsinje kuli mudzi wa mabanja oposa 90. Alibe mjigo, alibe chitsime chotetezedwa. Dzinja amamwa a mumtsinje. Ikafika Okutobala amayi amadzuka tambala woyamba asanalire kukafukula mchenga, n'kudikira kuti madzi adzadze pang'onopang'ono m'kadzenje, kumatunga ndi kapu mpaka ndowa idzadze. Kolera ija ya 2022 mpaka 2023 inatenga anthu awiri m'mudzi umenewu, mmodzi anali mwana wa sitandade 4. Pamaliro ake ndinalipo. Pa mndandanda wa ADC, komiti yoona za chitukuko m'dera la mfumu yaikulu, mudziwu wakhala uli pamwamba kwa zaka zitatu.

Vuto lake nali. Anthu a kutsidya sanandivotere. Pa senta yawo ndinapeza mavoti 31. Mbendera imene ili pamtengo wa kachere pakati pa mudziwo ndi ya chipani china, ndipo nthawi ya kampeni anyamata akumeneko anatikuwiza mpaka msonkhano unathera panjira.

Kumtunda kuli mudzi wina. Iwo mjigo ali nawo kale, ngakhale umangofaifa ndipo ukamagwira ntchito pamakhala mzere wautali. Kumeneko ndiye kuchimake kwa chipani chathu. Amayi ovina amachokera komweko, mayi wapampando wa amayi kwawo n'komweko, mavoti anga oposa 400 anachokera komweko.

Gavanala wandiimbira katatu. Ulendo woyamba anayankhula mosekaseka. Wachiwiri anati, "A Khansala, mbuzi imadya pomwe aimangirira. A kutsidyawo akapemphe madzi kwa amene anamuvotera." Wachitatu sanatalikitse, anangoti chipulula chidzabweranso ndipo anthu a kumtunda saiwala. Aphungu sanandiyankhule okha, koma ndikudziwa kuti gavanala sangaimbe katatu za m'mutu mwake.

Akazi anga akuti ndisadziputire nkhondo, mjigo ndi wa boma, ndiuike pomwe akulu anena, chaka chamawa Mulungu adzawaona a kutsidya. Mtima wanga ukukana. Koma mtima womwewo ukundikumbutsa kuti pakanapanda anthu a kumtunda bwenzi ndikadali pa sikelo.

Ndiye ndithandizeni. Munthu ukasankhidwa pa tikiti ya chipani, ngongole yako yoyamba ili kwa ndani? Ndipo alipo amene anakana za chipani n'kupulumuka?

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

A Khansala, funso lanu lomalizalo ndi limene landikoka, poti ndale za dziko lino ndaziona kuyambira ndili mwana wa sukulu. Ena anapulumuka, ena ayi, ndipo sindikunamizani kuti okana onse zinawathera bwino.

Patangotha miyezi iwiri chilandirireni ufulu, mu Seputembala 1964, nduna zinasemphana ndi Kamuzu. Zina mwa zimene zinkadandaula zinali tiki imene odwala anauzidwa kuti azilipira m'zipatala za boma, komanso kuchedwa kupereka maudindo a m'boma kwa Amalawi. Orton Chirwa, Kanyama Chiume, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo anachotsedwa. Yatuta Chisiza, Willie Chokani ndi Masauko Chipembere anatula okha pansi maudindo. Ambiri anathawira kunja, ndipo Orton Chirwa anafera kundende kuno ku Zomba mu 1992. Ife tinakula tikuloweza nsanamira zinayi: umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo. Ziwerengeninso bwino, pa zinayizo palibe ndi imodzi yomwe yonena kuti mtsogoleri azitumikira. Zonse zikuyang'ana kumwamba. Khadi la chipani ndiye linali chiphaso cholowera mumsika kapena kukwera basi. Ine ndimati matenda amenewo sanathe ndi referendamu ya 1993, anangogawanika m'zipani zambiri. Gavanala wanuyo akuyankhula chiyankhulo cha khadi, kungoti lero khadi lake ndi zotsatira za pa senta.

Koma pamene ndikufuna mukhalepo kwambiri ndi apa. Malamulo aakulu a 1994 anamanga phungu ndi zingwe ziwiri. Gawo 65 linati phungu akachoka m'chipani chimene anasankhidwira n'kulowa china cha m'Nyumba ya Malamulo, sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Gawo 64 linati anthu a m'dera akaona kuti phungu wawo sakuwatumikira, atha kumuitanitsa kuti abwerere kumudzi nthawi yake isanathe. Chingwe china chinali m'manja mwa chipani, china m'manja mwa ovota. Mu 1995, malamulowo asanathe n'komwe chaka chimodzi kapena ziwiri, aphungu anakhala pansi n'kudula chingwe cha ovota. Gawo 64 linachotsedwa ndipo silinabwererenso, ngakhale a mipingo ndi mabungwe alira nalo kambirimbiri. Kuyambira pamenepo munthu wosankhidwa amaopa chipani tsiku lililonse, koma ovota amawaopa kamodzi pa zaka zisanu. Zimene zikukuchitikiranizi si zachilendo, ndi mmene nyumbayi inamangidwira.

Chimene anthu ambiri sadziwa n'chakuti gawo 65 lomwelo lili ndi ndime yachiwiri. Imanena kuti phungu aliyense ali ndi ufulu wonse wovota momwe akuonera, ndipo mpando wake sungalandidwe chifukwa chongovota mosiyana ndi zimene chipani chanena. Mwaona? Lamulo limaletsa kusamuka, sililetsa kukana. Ndikudziwa kuti inu ndinu khansala osati phungu, koma nzeru yake ndi yomweyo. Simukutuluka m'chipani. Mukungokana chinthu chimodzi.

Kukana kumeneku kunapulumutsapo dziko. Pa 4 Julaye 2002 m'Nyumba ya Malamulo munabwera bilu yochotsa malire a materemu a mtsogoleri wa dziko, kuti a Bakili Muluzi athe kuimanso. Anaibweretsa ndi Khwauli Msiska wa AFORD. Panafunika mavoti 128. Akuluakulu a zipani zotsutsa, John Tembo ndi Chakufwa Chihana, anali mbali ya biluyo. Inapeza mavoti 125, okana anali 59. Inagwa ndi mavoti atatu okha. Mwa okanawo munali aphungu amene anasiyana ndi mabwana a zipani zawo, tsiku limene kumvera kukanawapatsa zambiri. Ine ndinamvera pa wailesi m'chipinda cha aphunzitsi, ndipo mnzanga wina amene sankakonda zolankhula ndale anaimirira n'kuomba m'manja yekha.

Mtengo wake ulipo. Mu 2011 Henry Phoya anatsutsa poyera bilu yoletsa anthu kutenga ziletso za khoti motsutsana ndi boma, chipani chake cha DPP chili m'boma, ndipo anachotsedwa m'chipanimo. Koma taonaninso za 2014: aphungu oima paokha anapambana mipando 52 pa 193, kuposa chipani china chilichonse. Ambiri mwa iwo anali anthu amene chipulula chinawataya kapena kuwabera, ovota n'kuwatola. Gavanala ali ndi chipulula m'manja, koma tsiku la voti yeniyeni ali ndi voti imodzi ngati ine ndi inu.

Mjigowo upite kutsidya.

Mwana wa Chipani

Aphunzitsi, mwaphunzitsa bwino, koma mwalemba pabolodi mbali imodzi. Ndiloleni ndiyankhule monga munthu amene wakhala m'chipani chimodzi zaka 20 osasuntha, chili m'boma ndi chili kunja komwe.

Mawu akuti "ndikufuna kutumikira anthu" ine ndikawamva ndimagwira thumba langa. Palibe mawu amene anamiziridwapo kwambiri m'dziko muno kuposa amenewa. Mu Febuluwale 2005 Bingu wa Mutharika atachoka mu UDF imene inamuika pampando n'kuyambitsa DPP, aphungu anakhamukira kumeneko ngati ngumbi pa getsi. Mu Epulo 2012 Bingu atamwalira, maliro asanaikidwe n'komwe, anthu omwe dzulo lake ankanyoza mayi Joyce Banda anayamba kusoketsa malaya a olenji. Aliyense wa iwo ankaimba nyimbo imodzi: "Anthu akwathu ndi mafumu andiuza kuti ndigwire ntchito ndi boma kuti chitukuko chibwere." Anawafunsira kuti anthuwo? Pamsonkhano uti? Oima paokha amene mukuwatamawo, angati amadikira ngakhale mwezi umodzi asanalengeze kuti ali mbali ya boma? Munthu wopanda chipani amene mukumutchula mfuluyo nthawi zambiri amakhala katundu wa pamsika, wogula woyamba ndiye mwini.

Chipani, ndi zoipa zake zonse, ndi chokhacho chimene wovota angachigwire pakhosi. Chili ndi dzina, chili ndi mtundu wa nsalu, chinalonjeza zinthu pamaso pa anthu. Chikalephera mumachichotsa, monga tachitira kangapo. Koma ngati aliyense wosankhidwa azingotsata mtima wake, ndiye kuti takhala ndi zipani zochuluka ngati mipando ya m'Nyumba ya Malamulo, ndipo palibe amene angafunsidwe kanthu.

Komanso si nthawi zonse pamene zimadziwika kuti kutumikira anthu kuli mbali iti. Mukukumbuka 2007? Mu Juni khoti lalikulu la apilo linanena kuti gawo 65 ndi lovomerezeka. MCP ndi UDF anati sipikala Louis Chimango ayambe wachotsa aphungu osamuka, bajeti ibwere pambuyo. Lamulo linali mbali yawo, ndipo ankati akuteteza voti ya munthu wa kumudzi imene inabedwa. Boma linkati alimi akudikira makuponi a feteleza, zipatala zikudikira mankhwala. Ophunzira ndi mabungwe anapita pamsewu kulirira bajeti. Inadutsa mu Seputembala, chaka cha boma chitayamba kale pa 1 Julaye, kenaka Bingu anatseka Nyumba gawo 65 lisanakhudzidwe. Mu 2009 ovota anapatsa DPP mipando yochuluka zedi, ndipo mphamvu zomwezo ndi zimene zinatifikitsa pa zionetsero za pa 20 Julaye 2011. Ndiuzeni, aphunzitsi, mu 2007 ankatumikira anthu ndi ndani? Mbali zonse ziwiri zinkalumbira m'dzina la anthu.

Tsopano kwa inu a Khansala. Amayi a kumtundawo si anthu? Anavina padzuwa popanda malipiro. Mamonita anu anagona pa senta ndi tochi kulondera mavoti anu, chakudya chawo chinali banzi ndi Sobo. Chipani cha kuno sichilipira munthu, chimayendera chiyembekezo chakuti wathu akapambana adzatikumbukira. Mawa akaona galimoto yokumba mjigo ikuwadutsa kupita kwa anthu amene anakukuwizani, muwauza chiyani? Adzakuvinirani ndani ulendo wina? Ndipo musaganize kuti a kutsidya adzakuvoterani chifukwa cha madzi. Adzamwa, adzathokoza, tsiku la voti adzachonga pomwe amachonga. Mudzataya 400 osapeza ngakhale 50. Mukagwa, amene adzalowe m'malo mwanu mwina sadzaponda n'komwe kutsidyako.

Ine ndikanakhala inu ndikanauika kumtunda chaka chino, kenaka n'kuwakakamira aphungu kuti wa chaka chamawa, kaya wa CDF, thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, kaya wa bungwe, upite kutsidya. Munthu amatumikira ali pampando. Ali pa sikelo sakumba mjigo.

Chimodzi chokha ndigwirizane nanu: musamvere za pafoni. Pitani kwa aphungu maso ndi maso. Magavanala ena amagwiritsa ntchito dzina la bwana pa zofuna zawo.

Wa ku Joni

Hahaha "chaka chamawa". Achimwene, kwathu mlatho unalonjezedwa ndili fomu 2. Pano ndili ndi ana atatu ku Johannesburg kuno, anthu akuolokabe pamitengo. Chisankho chilichonse amabwera kudzathira mchenga lole imodzi, mavoti akawerengedwa mchenga umathera m'nyumba za anthu. Mudzi wathu amati ndi wotsutsa. Boma litasintha tinati tsopano yafika nthawi yathu, ndiye phungu wathu anagwa, tinakhalanso otsutsa. Mjigo wa kwathu tinasonkherana pa WhatsApp anyamata a kuno ndi a ku Cape Town, tinakumbitsa tokha. Tsiku lotsegulira anabwera andale ndi nsalu zawo kudzadula riboni.

A Khansala, msonkho wa pa sopo ndi pa mayunitsi amadula kwa aliyense, safunsa kuti unavotera ndani. Ndalama ya mjigowo muli ya a kutsidya momwemo.

Mayi wa Zaumoyo

Ine ndale sindizidziwa, ndagwira ntchito ya ulangizi wa zaumoyo m'midzi zaka 16, ndiye ndiyankhula za madzi.

A Mwana wa Chipani, mwayankhula ngati midzi iwiriyi ili m'maiko awiri. Ana awo amaphunzira sukulu imodzi, amamwera kapu imodzi. Amayi a kutsidya amagulitsa mandasi ndi masamba pamsika womwe a kumtunda amagula. Maliro amayenderana, ndipo aliyense amene anagwirapo ntchito nthawi ya kolera akudziwa zimene chakudya cha pamaliro chimachita. Mliri wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Ife tinkagona m'matenti, manja atachita kusuwa ndi kolorini. Ikadzabukanso kutsidya, pasanathe sabata idzakhala itafika kwa mayi wapampandowo. Chaka chamawa chimene mukunenacho chili ndi dzinja pakati.

Koma a Khansala, chimene ndikuona ine n'chakuti mwasenza nokha katundu amene si wanu nokha. Mjigo suikidwa ndi khansala ngati akupereka mphatso ya paukwati. Zofuna za anthu zimayambira ku VDC, komiti ya chitukuko ya kumudzi, zimapita ku ADC kumene kumakhalanso a T/A ndi alangizi, kenaka ku khonsolo. Mwanena nokha kuti ADC inaika mudzi wa kutsidya pamwamba zaka zitatu. Ndiye kuti mfundo zake zinalembedwa. Pitani kwa mlembi wa ADC mukatenge kope. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa kutsidyako, ali ndi kaundula wa mabanja, zimbudzi ndi odwala m'mimba mwezi ndi mwezi. Ku ofesi ya zamadzi ya boma lanu amatsata muyezo wakuti mjigo umodzi uzitumikira anthu pafupifupi 250, ndipo munthu asayende mtunda woposa mamita 500. Mabanja 90 adutsa kale pamenepo, ndipo alibe ndi umodzi womwe. Mukakhala ndi mapepala amenewa, gavanala sakulimbananso ndi inu, akulimbana ndi ADC yonse. Inu muzingoti, "Bwana, ine ndinayesetsa, koma mfundo zinalembedwa kale." Nthawi zina ulemu ndi umenewo.

Kumbukiraninso kuti dziko lino linakhala popanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, zaka zisanu ndi zinayi zathunthu. Nthawi imeneyo chitukuko cha kumudzi chinazolowera kuyenda ndi aphungu ndi anthu a chipani. N'chifukwa chake mpaka lero ena amaona khansala ngati mnyamata wa phungu. Mpando wanuwo unabwezeretsedwa kuti pakhale wina woyang'ana mndandanda, osati nsalu.

China, mwati mjigo wa kumtunda umangofaifa. Mwafunsa chimene chimafa? Mijigo yambiri ya m'midzi yathu ndi ya Afridev, ndipo inapangidwa dala kuti anthu a m'mudzi azikonza okha. Kawirikawiri chimene chimatha ndi timalabala ta pansi, mabushi a pachogwirira kapena ndodo zikadyeka. Zimenezo mekaniki wa m'dera amasintha tsiku limodzi, ndipo ndalama yake ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi kukumba watsopano. Funsani komiti ya mjigowo kuti ndalama zimene mabanja amasonkha mwezi ndi mwezi zili kuti. Mukaukonza wa kumtunda usanafike watsopano kutsidya, amayi ovinawo adzakhala ndi madzi, ndipo amene adzatsale akudandaula mudzadziwa kuti sankafuna madzi.

Mphunzitsi Wopuma, Zomba

A Mwana wa Chipani, za 2007 mwandigwira, ndavomera. Nanenso nthawi imeneyo ndinkalirira bajeti, ndipo mu 2011 ndinadzifunsa ngati sitinalakwitse. Za osamukasamuka tikugwirizananso. Koma taonani, anthu amene mwawatchulawo ankathamangira kumene kuli mphika. A Khansala akuchita zosiyana, akufuna kupita kumene kulibe voti, kulibe envelopu, kuli anyamata amene anawakuwiza. Umu ndi mmene ine ndimasiyanitsira munthu wa chikumbumtima ndi wa dyera: ndimayang'ana ngati kukana kwakeko kukumudyetsa kapena kukumudya.

Ndipo mwati chipani chimayendera chiyembekezo chakuti wathu adzatikumbukira. N'zoona, koma awakumbukire ndi zake. Awagulire nsalu, apite pamaliro awo, awathandize pa matenda. Mjigo si wa m'thumba mwa khansala.

Mwana wa Chipani

Aphunzitsi, penshoni yanu imabwera kaya wapambana ndani. A Khansala alibe penshoni. N'kosavuta kulimbitsa mtima mnzako pamene mkango uli kumunda kwake. Ine ndanena zanga, ndipo za mayi wa zaumoyo zokonza mjigo wakalewo ndaziona kuti n'zanzeru. Koma dikirani muone ngati zikwanire.

Khansala wa Kuseri kwa Phiri

Zikomo nonse, ndawerenga mobwereza, ngakhale amene mwandiwawa.

Loweruka ndinapita kwa aphungu monga munanenera. Anandilandira bwino, tinamwa tiyi. Nditafotokoza anakhala chete, kenaka anati, "A Khansala, zimenezo ndi za ku khonsolo, muone nokha mmene mungachitire, koma musandiyambanitse ndi anthu anga." Ndatembenuza mawu amenewa usiku wonse, sindikudziwabe ngati anandimasula kapena anandimanga.

Lolemba ndinatenga mekaniki kupita kumtunda. Mayi wa zaumoyo, munalasa. Ndodo ziwiri zadyeka ndi timalabala tatha, basi. Nditafunsa za ndalama za komiti anthu anayamba kuyang'ana pansi. Msungichuma wake ndi mlamu wa mayi wapampando, ndipo buku akuti linanyowa ndi mvula. Zipangizozo ndagula ndi ndalama yanga, mjigo ukutulutsa madzi kuyambira dzulo. Amayi ambiri anasangalala, ena mpaka kululutira. Koma madzulo ake gavanala anaimba kachinayi. Akuti kukonza si nkhani, chimene chikufunika ndi mjigo watsopano woti aphungu adzatsegulire pamaso pa anthu, amayi atavala nsalu, zithunzi zipite pa Facebook. Kutsidya sangapite kukadula riboni pansi pa mbendera ya eni ake. Apa ndiye ndinamvetsa kuti kuyambira pachiyambi ine ndinkakamba za madzi, iwo ankakamba za msonkhano.

Lero m'mawa ndinaoloka kukatenga chiwerengero kwa mlangizi. Ndinapeza a mfumu a kutsidya akundidikira pansi pa kachere uja, chipewa chili m'manja. Nkhani inawafika kale. Atandilonjera anandifunsa motsitsa mawu kuti, "A Khansala, kodi tikatsitsa mbendera iyi, madziwo abwera?" Bambo wamkulu woti n'kundibereka. Ndinachita manyazi ngati ndagwidwa ndikuba. Ndinawauza kuti aisiye pomwepo.

Pofika kunyumba ndinapeza andichotsa pa gulu la WhatsApp la chipani la dera lathu. Palibe amene wandiuza chifukwa. ADC ikumana Lachinayi, kope la mfundo zija lili m'chikwama. Akazi anga sakundiyankhula bwinobwino, koma ndawaona atulutsa sikelo ija kuseri kwa chitseko, akuipukuta fumbi.